Mwezi Umene Ndinkaweta Madzi

Kwathu nsomba ndi ndiwo. Usipa, utaka, matemba, kampango, chambo: zonsezi timazidziwira m'mbale, pambali pa nsima. Munthu woti nsomba akuidyetsa m'malo moidya, a Malawi timamuyang'ana kawiri. Tsono ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi museka mukamva kuti ine, mlembi wodyera nkhani imodziimodzi, ndikuweta nsomba ziwiri zotalika ngati chala. Sekani, palibe mlandu. Koma mukatha kuseka mundimvereko.

Ndimakhala ku Durban, m'kachipinda ka lendi komwe ukatsegula zenera mphepo ya kunyanja ya mchere imakupeza pabedi. M'masitolo ogulitsa ziweto kuno muli mathanki a galasi olembedwa dzina la dziko lathu, ndipo m'katimo mumasambira mbuna, tinsomba tokongola tija ta m'miyala ya ku Cape Maclear. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere pa dziko lapansi, ndipo nsombazi n'zimene zidachititsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mtima wanga udafuna mbuna. Koma mbuna ndi zandewu, zimafuna thanki yaikulu ya malita ngati 200, ndipo kachipinda kanga sikakadalola. Ndiye ndidati: nyanja ya kwathu ndimaidziwa kale, bwanji ndiphunzireko iyi imene ndayandikana nayo zaka zonsezi ngati mlendo wosapereka moni?

Mu 2023 ndidagula thanki ya malita 60, pampu yozunguza madzi, hita, nyali, mchenga, miyala ndi thumba la mchere. Inali ndalama ya nkhani zingapo, yoti ikadatha kupita kumudzi, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkalipira. Mayi anga nditawauza pa foni adati, "Mwanangu, nanga zikakula udzadya ndi yani?" Nditati sizodya, adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa ngati kuno kwagwa mvula.

Chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira n'chakuti madzi a m'nyanja si madzi othira mchere wa m'ndiwo. Mu lita imodzi muli magalamu pafupifupi 35 a mchere, koma mcherewo ndi wosakanikira: muli uja timadyawu, mulinso magnesium, calcium, potassium ndi zina zimene zamoyo za m'nyanja sizingakhale popanda izo. Mwina mukuti, nanga si nyanja ili pakhomo, bwanji osangotunga? Madzi osefukira a mu April 2022 adaononga mapaipi a zonyansa mumzinda muno, ndipo magombe ena adakhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha tizilombo. Choncho ndidagula madzi osefedwa bwino m'zigubu, popeza a pampopi amakhala ndi mankhwala opha majeremusi, n'kusungunulamo makilogalamu awiri a mchere wopangira ntchitoyi. Kachipangizo kotchedwa refractometer, komwe umadonthezapo madzi n'kusuzumira ngati ukuona patali, kamayenera kuonetsa 1.025. Hita ndidaiika pa madigiri 25. Tebulo nalo lidafunika la mwendo wolimba, poti lita iliyonse ndi kilogalamu, osawerengera miyala ndi galasi.

Muyeso wa mcherewu si mwambo chabe. Inu amene mudathirapo mchere pa nsomba yaiwisi mudaona ikuchucha madzi. Nsomba ya m'nyanja ya mchere imakhala m'vuto lomwelo moyo wake wonse: magazi ake ali ndi mchere wochepa kuposa madzi oizungulira, ndiye thupi limangotaya madzi. Kuti isaume ili m'madzi, imamwa madzi amcherewo kosalekeza, mchere wotsala n'kumautulutsira m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Chambo chathu zake n'zotembenuka: madzi amachilowa okha, sichimwa kwenikweni, chimangokodza. Tsono mchere ukasintha mwadzidzidzi, thupi la nsomba limasokonezeka.

Zonse zitaikidwa, pampu ikulira, nyali ikuwala, idafika ntchito imene wogulitsa aliyense woona mtima amakuuza motsitsa mawu: usaikemo nsomba. Nsomba ikadya imatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni ngakhale achepe chotani. M'nyanja zimenezi zimasungunuka n'kutayika, koma m'malita 60 nsomba imasambira m'chimbudzi chake chomwe. Opulumutsa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pa miyala ndi mumchenga. Gulu lina limasandutsa ammonia kukhala nitrite, yemwenso ndi woipa, ndipo gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe alimi amamudziwa m'feteleza wa CAN, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa. Kuti tizilomboti tichulukane pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Umaponyamo kachakudya pang'ono kuti kaole, basi n'kudikira.

Mnzanga wina wa ku Mulanje, wosoka zovala kuno, adabwera sabata yachiwiri. Adazungulira thanki, adawerama, adasuzumira kuseri kwa miyala.

"Amwene, nsomba zili kuti?"

"Sizinafike nthawi yake."

"Ndiye mukuweta chani, madzi?"

Adaseka mpaka misozi, koma adanena zoona. Ndinkaweta madzi. Masiku atatu aliwonse ndinkatunga pang'ono m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala, n'kuyerekeza mtundu wake ndi wa pa kapepala. Ammonia adakwera, kenaka adayamba kutsika. Nitrite adakwera, n'kukhala pomwepo masiku ambiri ngati minibasi yodikira kudzaza. Sabata yachisanu onse awiri adafika pa ziro, nitrate n'kuonekera. M'thanki mudali mopanda kanthu monga tsiku loyamba, komatu mudali mutadzaza antchito.

Ntchito yanga ya utolankhani idandizoloweza kuti chimene sichinaoneke sichinachitike. Mkonzi amafuna nkhani lero, ya chinthu choti chijambulidwe. Mwezi umenewu udandionetsa kuti ntchito yosunga moyo yambiri imagwiridwa ndi amene sajambulidwa, ndipo sufulumizitsa ndi ndalama kapena ukali. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa ine mwambiwu udakwanira ndendende, chifukwa zoyamba kulowa m'thanki zidali nkhono zenizeni. Ndere zofiirira zidakuta mchenga ndi galasi, monga zimachitira m'thanki iliyonse yatsopano, ndipo nkhono zinayi zidayamba kupala usiku ndi usana. Ndidakhala madzulo athunthu mphuno ili pa galasi, mpaka ndidawaona masowo: timadontho tiwiri takuda m'tsinde mwa tinyanga.

Nsomba zidabwera pambuyo pake, ziwiri zokha, za mtundu wa clownfish, zofiira ngati lalanje lakupsa, za mizere itatu yoyera. Ana amazidziwa chifukwa cha filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Ndidafunsitsa kuti zikhale zoswedwa m'mathanki, osati zogwidwa m'nyanja, pakuti ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena akhala akugwira nsomba zokongoletsa pozipopera poizoni wa cyanide, yemwe amaononganso matanthwe amoyo a pansi pa nyanja. Zoswedwa m'thanki zimapirira, ndipo zimadya chakudya cha m'paketi osanyinyirika. Tsiku lofika sindidazikhuthulire m'madzi nthawi imodzi. Ndidaziika m'ndowa ndi madzi a kusitolo, n'kumadonthezamo a m'thanki yanga kwa ola lathunthu kuti matupi azolowere.

Pali chodabwitsa china chimene ndidachiona ndi maso angawa. Nsomba za mtunduwu sizibadwa zazikazi. Ziwiri zikakhala pamodzi, yamphamvu imakula kuposa inzake n'kusanduka yaikazi, inayo n'kukhala yaimuna. Patapita miyezi, imodzi idakuladi, ndipo ikangoyandikira, yaing'onoyo imapendekeka n'kumanjenjemera posonyeza kugonja. Mnzanga wa ku Mulanje uja atamva adati nsombazi n'za kwawo ndithu, za chikamwini.

Chaka chomwecho magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse m'dziko muno, ndipo apa m'pamene nkhani idasiya kukhala yoseketsa. Madzi ofunda amchere amasunga mpweya wochepa, ndipo pampu ikaima kwa maola, nsomba ndi mabakiteriya omwe amayamba kubanika. Ndidagula kapampu ka mpweya ka mabatire. Usiku magetsi akathima, chete wa pampu yaikulu ndiye ankandidzutsa, n'kupapasa mumdima kuyatsa kaja. M'miyezi yozizira ndinkafunditsa thanki bulangete langa, ine n'kugona ndi jekete. Masiku ano magetsi adakhazikikako, koma mabatire sachoka pansi pa tebulo.

Anthu amaganiza kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta. Ayi ndithu. Kapu ya tiyi imazizira msanga kuposa mphika. Madzi akamauluka ngati nthunzi, mchere umatsala, ndiye tsiku lililonse ndimathiramo madzi opanda mchere kufika pa kamzere komwe ndidalemba pa galasi. Loweruka lililonse ndimachotsa malita 6 n'kubwezeramo atsopano osakaniza dzulo lake, kuti nitrate asachuluke. Chakudya ndi choti zimalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa chotsala chimaola.

Clownfish yosamalidwa bwino imakhala zaka zoposa 10. Ife okhala kwa eni sitizolowera kuwerenga zaka zotere. Katundu wathu amakhala woti akwane m'chikwama chimodzi, ndipo ambiri sitibzala ngakhale mpiru pakhomo, poti mwina mawa tisamuka. Thanki ya malita 60 siikwera basi. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu, ndili ndi chinthu chimene chimafuna kuti ndidziwane ndi anthu a pano, ndiwakhulupirire, ndiwasiyire kiyi.

Mu December ndikubwera kudzaona mayi kwa milungu itatu. Ndayamba kale kuphunzitsa mdzukulu wa eni nyumba, kamtsikana ka zaka 12. Chakudya ndachigawa m'timapepala, kamodzi pa tsiku, ndipo chigubu cha madzi opanda mchere ndachilemba zilembo zikuluzikulu. Dzulo kadandifunsa kuti, "Malume, nanga zikandiyang'ana ngati zili ndi njala?" Ndidakauza kuti zimayang'ana choncho aliyense, ndipo wozikonda ndi amene amabweza dzanja. Kadagwedeza mutu, n'kutenga kapu, n'kuthira madzi pang'onopang'ono mpaka pa kamzere.