Kugula Nyumba Patsinde pa Phiri la Zomba

Munthu wapantchito ya boma amakhala mlendo m'nyumba iliyonse imene agonamo. Abzala mtengo wa mango, koma asanalawe chipatso chake kalata yomusamutsa yafika. Alima dimba, ndiwo zake adzathyola ndi wina. Tsiku lopuma pantchito likakwana amabweza makiyi kwa eni ake, ndipo funso limene adakhala akulizemba zaka zonsezo limamupeza: kodi tsopano kwanga n'kuti? Ambiri amabwerera kumudzi. Ena amakapeza malo atatha kalekale, pakuti mbumba idachuluka pomwe munda sudakule. Wovutika koposa ndi mwamuna wa chikamwini, chifukwa kwawo adachokako akali mnyamata, ndipo kwa mkazi wake nthaka ili ndi eni ake.

Izi n'zimene zidamugwera mkulu wina amene adagwira ntchito ya ukalaliki m'maofesi a boma. Ntchitoyo adaiyambira ku Zomba, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975 nayenso adasamuka. Adayendayenda m'maboma angapo, koma mtima wake udatsalira pansi pa phiri lija. Motero atalandira ndalama zake zopumira pantchito adauza mkazi wake kuti akufuna kukakalambira ku Zomba.

Wodziwa Zomba sangamudabwe mkuluyu. Mzindawu ndi waung'ono, pakuti pa kalembera wa mu 2018 mudapezeka anthu opitirira pang'ono 100,000, ndipo udatsamira phiri lotalika mamita oposa 2,000 monga mwana atsamira amake. Mbiri yake ndi yaitali. Mu 1886 John Buchanan, mlimi wa khofi wochokera ku Scotland, adamangira kazembe wa Britain nyumba ya nsanja zosongoka imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina loti Masongola. Mu 1891 Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu, ndipo idakhala likulu kwa zaka 84. Aphungu adapitiriza kukumana komweko kufikira 1994, pomwe Chancellor College, imene lero ndi Yunivesite ya Malawi, idasamukirako mu 1973. Chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko ndiponso munda wa mitengo wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, zonsezi zimachititsa woyenda mumzindamu kumva ngati akutsegula buku la mbiri yakale.

Nyumba yoyamba imene dobadoba wina adawaonetsa idali pamtunda ndithu, pakati pa mitengo italiitali. Idali ya makoma ochindikala, khonde lalikulu lozungulira ndiponso malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera. Munthu akaima pakhondepo m'mawa amaona chigwa chonse mpaka kunyanja ya Chilwa. Mkulu uja adaikonda nthawi yomweyo, ndipo akadakhala yekha akadalipira tsiku lomwelo. Koma mayi a kunyumba kwake adati ayambe aitana mlongo wawo, amene adali mmisiri womanga nyumba.

Mmisiriyo sadasamale za khonde kapena za maonekedwe a chigwa. Adakwera kudenga nagogoda mapaso ndi nyundo, ndipo padagwa ufa wokhawokha, pakuti chiswe chidali chitadya m'kati n'kusiya khungu. Adakanda khoma ndi mpeni napeza kuti njerwa zidamangidwa ndi dothi, monga momwe ankamangira kale. Khoma loyang'ana kuphiri lidali lonyowa ndi landere, chifukwa ngalande yopatutsa madzi idakwiririka zaka zambiri zapitazo.

"Alamu," adatero mmisiriyo, "nyumbayi siyoipa, koma ikufuna munthu wa matumba awiri: lina logulira, lina lochiritsira. Inu thumba muli nalo limodzi."

Za mapepala zidali zoopsa kuposa za chiswe. Loya amene adamufunsa nzeru adapeza kuti chikalata cha umwini chidali m'dzina la munthu amene adamwalira kale. Wogulitsayo adali mmodzi chabe mwa ana a malemuyo, ndipo adalibe kalata ya khoti yomupatsa mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye. Abale ake sadadziwe n'komwe kuti nyumba ya bambo wawo ili pamalonda. Akadalipira, mkulu uja akadagula mlandu, ndipo thukuta la moyo wake wonse likadathera m'makhoti. Akuluakulu sadaname pamene adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Patapita miyezi ingapo adapeza nyumba ina ya zipinda zitatu, chakumunsi, pamtunda woti munthu n'kuyenda pansi kupita kumsika, kutchalitchi ndi kuchipatala. Mayi aja ndiwo adalimbikira imeneyi. Adakumbutsa amuna awo kuti chitunda chimene munthu amachikwera akuimba mluzu lero, mawa adzachikwera ndi ndodo. Ulendo uno mkuluyo adadekha. Adakafufuza kuofesi yoona za malo ngati dzina la wogulitsa ndi lomwe lili m'kaundula, ndiponso ngati nyumbayo sidaperekedwe chikole kubanki. Adapeza kuti malowo adali a lisi ya zaka 99, nawerengera zaka zimene zidatsala. Adakafunsa kukhonsolo ngati padali ngongole ya msonkho wa nyumba, popeza ngongole yotere imatsatira nyumba ndipo imadzavutitsa wogula. Adaitanitsa woyeza malo kuti afukule miyala ya malire. Pomaliza adacheza ndi anansi, nawafunsa kumene madzi amadzera mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale. Zonsezi zidamudyera nthawi ndi ndalama, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku woti mawa lake akasaina mapepala, mayi aja adafunsa modzichepetsa.

"Abambo, kodi pachikalatapo palembedwa dzina la yani?"

"Langa, mayi. Nanga lingakhale la yani?"

"Tsono mukadzatsogola ndi inu, ine ndidzakhalanso mlendo m'nyumba ya eni ake. Ndasamuka nanu kokwanira. Sindifuna kudzasamutsidwa ndili ndi imvi."

Mkuluyo adakhala chete nthawi yaitali. Adakumbukira amayi amasiye amene adawaona akutulutsidwa m'nyumba maliro asanazizire, atangonyamula mphika ndi mphasa. Lamulo la mu 2011 lokhudza chuma chamasiye limaletsa mchitidwe umenewu ndipo wolanda amalangidwa, komabe mayi wolira sakhala ndi mphamvu zoyenda m'makhoti. M'mawa mwake adauza loya kuti alembe maina awiri pachikalatacho, ndipo adalembetsanso wilo.

Kumudzi nkhaniyi sidawakomere onse. Ana a mlongo wake adadandaula kuti malume awo ataya chuma kutauni m'malo modzamanga nyumba pakati pa mbumba yawo. Ena adati mkazi wawadyetsa mankhwala. Mkuluyo adapita yekha kukakhala nawo pansi. Adawauza kuti udindo wake wa umalume sadaugulitse, kuti pamaliro, paukwati ndi pamilandu adzafika monga kale, ndi kuti mwana aliyense wa m'banjamo amene adzapeze malo a sukulu ku Zomba adzagona m'nyumba imeneyo. Mawuwa sadathetse madandaulo onse tsiku limodzi, koma mdzukulu woyamba atakagonamo zaka zinayi akuphunzira, pakamwa pa anthu padayamba kufewa.

Phiri nalo lidamuphunzitsa zake. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka mafupa kuwawa, ndipo nkhungu imatsika n'kuphimba mitengo. Apusi amabwera kudzathyola chimanga ndi mapapaya ngati adalima nawo. Koma chimene chidamudetsa nkhawa ndi mitolo ya nkhuni ndi matabwa imene imatsika m'phirimo tsiku ndi tsiku. Iye adazindikira kuti mitengo imeneyo ndiyo imagwira nthaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera, nyumba zambiri zomangidwa m'njira za madzi zidagwa ndipo anthu ochuluka adataya miyoyo. Nyumba ya banjali idapulumuka, pakuti idali kutali ndi khwawa ndipo ngalande zake ankazikonza chaka ndi chaka mvula isanayambe. Kuyambira pamenepo mkuluyo ndiye amayamba kumema anansi ake kukafukula ngalande za mumsewu ndi kubzala mitengo kumtunda kwa nyumba zawo.

Achinyamata amene akuwerenga nkhaniyi angaganize kuti za nyumba n'za anthu okalamba. Koma ukalamba sugogoda pachitseko, ndipo ndalama zopumira pantchito munthu amalandira kamodzi kokha. Wofuna kugula nyumba m'tauni yakale ya m'phiri ayenera kuyang'ana denga ndi maziko asanayang'ane kukongola kwa malo, awerenge mapepala asanatulutse ndalama, ndipo aganizire amene adzatsale iye atapita. Adziwenso kuti wagula nyumba pamodzi ndi phiri lomwe: kuzizira kwake, madzi ake ndi udindo wosamala mitengo yake. Akatero adzabzala mango pabwalo pake, ndipo zipatso zake adzadya iye mwini ndi adzukulu ake.