Homem-Aranha mmodzi, nkhope zitatu

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero ndapumulako pa za kalembedwe ka mawu. Tikambe za Homem-Aranha, Spider-Man yemwe uja wadzaza pa zikwama ndi malaya a ana athu.

Ana amene anaonera No Way Home ya 2021 amafunsa kuti zatheka bwanji munthu mmodzi kukhala ndi nkhope zitatu: Tobey Maguire, Andrew Garfield ndi Tom Holland. Filimuyo ili ndi yankho lake la nthano. Yankho lenileni lili m'mapepala a maloya ku America.

Kampani ya Marvel, yosindikiza timabuku ta nkhani za m'zithunzi, inamira m'ngongole mpaka kugwa mu 1996. M'zaka zimenezo inkagulitsa ufulu wopanga mafilimu ngati munthu wogulitsa mbuzi m'chaka cha njala. X-Men anapita ku 20th Century Fox, Spider-Man anapita ku Sony mu 1999. Mapangano otere amakhala ndi lamulo lakuti ukakhalitsa osapanga filimu, ufuluwo umabwerera kwa mwini wake.

Apa ndiye pamene mafilimu amaonongekera. Bernd Eichinger wa ku Germany anali ndi ufulu wa Fantastic Four, ndipo nthawi yake inkatha kumapeto kwa 1992. Anaitana Roger Corman, katswiri wa mafilimu otsika mtengo, najambula filimu yonse ndi madola pafupifupi 1 miliyoni. Osewera anaikapo mtima wawo wonse, koma filimuyo sinaonetsedwe m'nyumba za kanema. Kwathu kuno timamudziwa munthu wotere: amapita kukakwezako mizere iwiri pamunda umene sakufuna kulima, kuti amfumu asaupereke kwa wina. Chimanga cha m'munda wotero musachiyembekezere.

Ine ndimaona fungo lomwelo pa Sony kuyambiranso nkhani ya Spider-Man mu 2012, patangopita zaka 5 kuchokera pa Spider-Man 3. Ndimaliona pa Fantastic Four ya Fox ya 2015, ndiponso pa Morbius ndi Madame Web. Nkhani yake yosapsa, anthu ake opanda moyo, phokoso lokhalokha.

Komabe sindili m'gulu la onena kuti zonse zikabwerera kwa mwini mmodzi ndiye kuti zakoma. Disney inagula Marvel mu 2009, kenako inameza Fox mu 2019, ndipo mafilimu ambiri otuluka kumeneko amakoma mofanana ngati ndiwo za mumphika umodzi. Logan ya 2017 inapangidwa ndi Fox. Into the Spider-Verse ya 2018, imene inapata Oscar, ndi ya Sony. Kwa ine awiriwa amaposa ambiri a Disney, chifukwa opanga ake anali ndi kanthu kokanena.

Nanga zikutikhudza pati ife a chilankhulo cha makolo? Mu 1938 Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman pa madola 130, ndipo anakalamba akulimbana ndi kampani m'makhoti. Ambiri mwa ife timalemba tinkhani ta Chinyanja ta ana, timasonkhanitsa nthano kwa agogo, timazipereka kwa aliyense wolonjeza kuzisindikiza. Pepala losaina limabwera m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Agogo amene anasimba nthanoyo sangaliwerenge, ndipo dzina lawo silioneka m'bukumo. Ndani ali ndi ufulu wolisindikizanso mabuku akatha pasukulu? Funso limenelo tizilifunsa tisanasaine.

Chinanso chimene ndimakonda kuuza ana: chilankhulo cha ku Wakanda mu Black Panther ya 2018 si chopeka, ndi Chixhosa cha ku South Africa. Chinalowa kudzera mwa John Kani, amene anasewera mfumu T'Chaka ndipo anayamba kuchilankhula mu Captain America: Civil War mu 2016. Ana akamva zimenezi amakhala kaye chete.

Sabata ino a kalasi yachitatu akujambula ngwazi zawozawo, tizithunzi tinayi papepala limodzi, mawu onse m'Chinyanja. Wina wajambula mtsikana wolamula ziwala. Pansi pa pepala aliyense akulemba dzina lake ndi la amene anamusimbira nkhaniyo kunyumba.