Batire limodzi, otchaja atatu: phunziro la pa gombe la Chembe

Ukafika ku Chembe dzuwa litapendeka, chimene chimayamba kukulandira ndi fungo la usipa uli pa thandala. Mudziwu uli ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndipo wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Ine ndinapitako kukapuma basi, kusambira ndi kujambula chilumba cha Thumbi. Koma chimene ndinabwera nacho kunyumba ndi nkhani ya batire.

Usiku woyamba ndinaona nyali zambirimbiri zitandandalika pa nyanja ngati tauni. Asodzi amakopa usipa ndi kuwala, makamaka masiku a mdima mwezi ukasowa. Munthu amene amamutcha siginala amakhala m'bwato la nyali, nsomba zikasonkhana anzake amazinga ndi chilimira. Kale ankayatsa nyali za parafini, koma pano ambiri ali ndi mababu a LED oyendera batire la mavolti 12. Ndiye kuti batire likafa pakati pa usiku, nsomba zimabalalika, mafuta a injini apita pachabe, ndipo mabanja a onse amene anali m'botimo agona ndi nkhawa.

M'mawa mwake ndinapeza bambo wina wachikulire akupukuta batire pamthunzi pafupi ndi boti lake. Pa batirepo panali mawaya ochokera mbali zosiyanasiyana. Ndinawapatsa moni n'kufunsa kuti, "Bambo, zonsezi pa batire limodzi, siliphulika?" Anaseka, n'kundikokera kampando.

Anandiuza kuti batirelo limadya kutatu. Masana limatchajidwa ndi sola. Akamayenda pa nyanja, injini imawonjezerako pang'ono kudzera pa waya wake wotchajira. Kukachita mitambo masiku angapo, mnyamata wawo amalisenza kupita nalo kotchajitsa ndi magetsi a m'nyumba. Batire lawo loyamba, eti, linawathera msanga chifukwa ankalumikiza sola mwachindunji. Linkatentha, madzi ake ankangouma, mpaka tsiku lina nyali zinathima ali kutali ndi gombe. Anabwerako chimanjamanja.

Nditabwerera ndinaifufuza nkhaniyi, ndipo ndinapeza kuti bambo aja anaphunzira movutikira chinthu chosavuta kumva. Batire silidana ndi kutchajidwa ndi zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Chimene chimaliwononga ndi chotchajira chosadziwa kusiya. Taganizirani ndowa imene ikudzazidwa ndi mipopi itatu: palibe vuto ngati mpopi uliwonse uli ndi woutseka madzi akafika m'khosi.

Sola imene amailemba kuti ndi ya mavolti 12 imatha kutulutsa mavolti 18 kapena kuposa dzuwa likaswa mtengo. Pomwe batire la asidi limafuna mavolti pafupifupi 14.4 potchaja, kenako atsike kufika cha m'ma 13.5 likadzaza. Ntchito ya kontirola ndi imeneyo: imayang'ana mavolti a batire n'kuchepetsa moto, ndipo usiku imaletsa kuti moto usabwerere ku sola. Tchaja yabwino ya m'nyumba nayo imachita chimodzimodzi. Zikakhala pamodzi, chilichonse chimawerenga mavolti a batire lomwelo, ndipo akakwera chimayamba kubweza dzanja. Sizilimbana ayi.

Pa injini m'pofunika kufunsa makaniko. Mainjini ena ang'onoang'ono alibiretu chotchajira, ena ali nacho koma chopanda chochepetsera moto. Ndipo osachotsa waya wa batire injini ikulira, chifukwa mutha kuwotcha zida zake zamagetsi.

Pali tizinthu tina timene bambo aja amatsatira, ndipo akatswiri amanenanso zomwezo. Waya aliyense wopita ku batire akhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batirelo. Polumikiza kontirola, yambani ndi batire, sola pambuyo. Batire likhale pamalo ouma ndi opita mphepo, poti likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka; fodya ndi machesi zikhale kutali. Madzi akatsika, thiranimo madzi a batire ogula, osati a m'nyanja ngakhale akuoneka oyera bwanji. Komanso kamita kowerengera mavolti sikodula poyerekeza ndi batire latsopano: likapuma maola angapo n'kuwerenga 12.6 ndiye kuti ladzaza, likafika cha m'ma 12.2 latsala theka, ndipo kulipitirira pamenepo kawirikawiri kumalifupikitsa moyo.

Mwina mukuti inu mulibe boti. Zoona, koma ambirife kumudzi kuli sola imene tinagulira makolo, ndipo batire lake limatchajira mafoni a mudzi wonse. Mukapitako, tasuzumirani ngati pakati pa sola ndi batire pali kontirola. Ngati palibe, imeneyo ndiyo mphatso yoyenera kunyamula ulendo wotsatira.

Madzulo a tsiku langa lomaliza ndinathandiza kukankhira boti la bambo aja m'madzi. Mnyamata wawo anakweza batire, n'kuliika pa thabwa kuti lisanyowe, kenako anayesa mababu limodzilimodzi. Ndinakhala pa mchenga mpaka nyali zawo zitasakanikirana ndi za anzawo kuseri kwa Thumbi. M'mawa, ndisanakwere galimoto ya ku Monkey Bay, ndinadutsa pa thandala lawo. Amayi a m'nyumbamo anali kuyanika usipa, ndipo anandipimira wodzaza mbale kuti ndikapatse a kunyumba.