Kalata kwa Amalume ku Dedza

Boston, 12 Disembala

Okondedwa Amalume,

Kuno kukuzizira kuposa Juni wa ku Dedza, ndipo ikangokwana 4 koloko madzulo dzuwa likulowa.

Munandifunsa pafoni kuti ntchito imene yandisunga kunja zaka zonsezi ndi yotani. Ndimakhala pakompyuta tsiku lonse, kuyerekeza DNA ya anthu amoyo ndi ya mafupa akale, kuti tidziwe mtundu uti unasakanikirana ndi uti, komanso liti. Mafupa ena ndi akwathu konko. Mu 2017 akatswiri analengeza zimene anapeza m'mafupa ofukulidwa ku Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere, kufupi ndi kwathu. Mayi wina wa ku Hora anakhalako zaka pafupifupi 8,100 zapitazo. Koma mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni amene anayezedwa, magazi a alenje akalewo sanaonekemo.

Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira agogo akukazinga chimanga m'phale, akutisimbira za Akafula, anthu aafupi ofunsa kuti mwandionera pati. Ankati zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ndi zawo. Ife tinasunga nthano yawo, koma magazi awo ayi, ndipo zimandipweteka ngati maliro apachibale. Anzanga kuno amangoona manambala. Ine ndimaona phiri limene ndinkatolako nkhuni.

Za chiliza cha agogo, mundikhululukire kuti sindinabwere. Ntchito yathuyi amatilemba zaka ziwiriziwiri, ndipo chitupa changa chokhalira kuno chimadalira ntchitoyo. Yanga itha mu Ogasiti, mapepala atsopano sanatuluke, ndipo ndikachoka pano sindingabwererenso msanga. Ndalemba makalata ambiri ofunsira uphunzitsi kuyunivesite, yankho ndi lomwe lija, loti ofunsira anachuluka. Usiku umene munkavundukula chilizacho ndinaphika nsima ya ufa wogula m'sitolo, woyera koma wopanda fungo la pamtondo, ndinadya ndekha nditaimirira.

Ndili ndi pempho. Mukhale pansi ndi agogo aang'ono nzeru zawo zikadalipo, akutchulireni mayina a amayi a mbumba yathu, kuyambira amayi awo kubwerera m'mbuyo mpaka pamene angakumbukire, ndi midzi imene anachokera. Mulembe m'kope, musadalire foni. Mundiuzenso ngati mvula yagwa bwino, ndiponso ngati mbatatesi mwadzala kudimba lija la kumunsi.

Ine muphwa wanu.