Mlonda wa Pamsanja

M'mwezi wa Epulo, mvula ilikuleka, mnyamata wina anatumidwa ndi atate wake kukalonda chimanga, pakuti anyani anali atayamba kutsika m'phiri. Tsiku loyamba iye anangofuula ndi kuomba chitini kosaleka. Koma anyani analowera mbali ina ya munda, nathyola mizere iwiri. Atate wake anati, "Mwanawe, wofuula amamva mawu ake okha. Mawa ukakhale chete, upenye."

M'mawa mwake anakwera pamsanja, nakhala duu. Posachedwa anaona gwape alikudya masamba a nyemba, makutu ali tcheru. Anaonanso anamzeze ambirimbiri atasonkhana pamtengo wouma. Mbalamezi zinalikukonzekera ulendo wa ku Ulaya, kumene zimakaikira mazira, ndipo zimabwera kuno mvula ikayandikira.

Pobwerera kumudzi ndi chisisira, anapeza gulugufe wausiku wa lilime lalitali alikuyamwa maluwa a papaya. Ameneyu amanyamula mungu kuchokera ku papaya wamwamuna kunka nawo kwa wamkazi, kuti zipatso zibale.

Tsiku lachitatu, ali chikhalire pamsanja, anamva nkhwali zitauluka modzidzimuka kumwala, m'mphepete mwa munda. "Chazidzidzimutsa n'chiyani?" Popenyetsetsa anaona nyani wamkulu alikusuzumira, anzake ali m'mbuyo. Pomwepo anatsika, nathamangira komweko ndi miyala, ndipo anyani anathawira kuphiri osathyola kanthu.

Chimanga chotsalacho chinalowa chonse m'nkhokwe, chifukwa mnyamatayo anamvera atate wake. Zoonadi, wakutsina khutu ndi mnansi.