Makope a ku Wytham ndi Nsomba za Kwathu

Popeza ena mwa inu mwakhala mukundifunsa za mmene kuno ku Oxford amasulira achinyamata kuti akhale ofufuza makhalidwe a nyama, ndati ndikuyankheni poyera, pakuti nkhaniyi yandikhala pamtima.

M'nkhalango ya Wytham, kunja kwa mzinda uno, muli timabokosi pafupifupi 1,000 topachikidwa m'mitengo, mmene timbalame totchedwa great tit timaikira mazira. Ndipo ntchito yotiyang'anira, imene inayamba m'chaka cha 1947 m'masiku a katswiri wa mbalame David Lack, sinadukizepo. Wophunzira akafika amapatsidwa makwerero, kasikelo ndi kope, nalawira mbandakucha mu April ndi May, nawerenga mazira, nayesa kulemera kwa kamwana kalikonse, nakaveka kamphete ka nambala kumwendo, kuti amene adzalowe m'malo mwake adzadziwe kuti mbalame iyi ndi mdzukulu wa iti. Makope amenewa ndiwo anaulula kuti timbalameti tayamba kuikira pafupifupi masabata awiri msanga kuposa kale, potsata mbozi zimene zikuswa mofulumira chifukwa cha kutentha kwa nyengo, chinthu chimene munthu mmodzi sakadachiona m'zaka zake zitatu za maphunziro. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndiko amaphunzitsa poyamba. Mafunso anayi okhudza makhalidwe a nyama amene katswiri Niko Tinbergen anawalemba mu 1963 amadza mwana atazolowera kale kukhala chete.

Tsono ndikatembenukira kwathu ku Malawi mtima umandiwawa. Chauta anatininkha nyanja yokhala ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse padziko, kotero kuti wofufuza Geoffrey Fryer anachoka ku Mangalande kudzapenya mbuna pa miyala ya ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Koma ine, mwana wa m'mbali mwa nyanja yomweyo, mbuna ndinaiphunzira ili m'botolo la mankhwala, yakufa, mawanga ake atafwifwa, pamene za makhalidwe ake tinkangokopera pabolodi. Aphunzitsi athu sindiwada, chifukwa galimoto ndi bwato analibe.

Chikhalirecho, msodzi wa chilimira amadziwa chirundu pamene utaka umasonkhana, amadziwa nyengo imene chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga, ndiponso kuti chachikazi chimasunga ana m'kamwa. Chimene chikusowa ndi wolemba. Ndipempha akuluakulu a masukulu athu kuti asankhe thanthwe limodzi ku Cape Maclear, atumizeko ophunzira chaka ndi chaka ali ndi magalasi a m'madzi ndi kasileti kolembapo, awaike m'manja mwa asodzi achikulire amene ayenera kulipidwa monga aphunzitsi, ndipo makope onse akhale m'Malawi momwemo, kuti mwana wobwera m'mbuyo ayambire pamene mnzake analekezera.