Mukafika ku Mbombwe, weramiraniko maluwa

Chaka chilichonse pa 15 Januwale, msewu wa ku PIM m'boma la Chiradzulu umadzaza ndi galimoto, njinga za kabaza ndi anthu oyenda pansi. Onsewa amakhala akupita ku Mbombwe kukakumbukira Mbusa John Chilembwe. Mwambo ukangoyamba, mafoni amakwera m'mwamba ngati ngayaye za chimanga. Koma mukaona zithunzi zomwe anthu amabwerera nazo, zimafanana zonse: tchalitchi cha njerwa, akuluakulu a boma, makwaya, ndi nkhope ya mwini foniyo.

Mbombwe ndi malo omwe amadziwa mphamvu ya chithunzi. Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission pamalopa mu 1900 atabwerera kuchokera ku America. Mu 1914 adajambulitsa ataima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, atavala chipewa, pa nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, atsamunda adagumula tchalitchi chake, ndipo mishoniyo idatsekedwa mpaka Dr Daniel Malikebu adadzaitsegulanso mu 1926. Nyumba idagwa, chithunzi chidatsala. Chithunzi chomwecho ndicho Samson Kambalu adatengera popanga chiboliboli chomwe chidaimikidwa ku Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022.

Tsono mlendo wofika kumalo otere asamangojambula zomwe aliyense akujambula. Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo dera lonse limakhala litavala. Mukangopatuka pang'ono kuchoka pachigulu, mupeza maungu atayanga pansi pa chimanga, maluwa ake achikasu ali yasa. Therere limatulutsa duwa loyezuka lokhala ndi diso lofiirira pakati. Pamakomo ena pamakhala hibiscus wofiira ngati magazi. Wamwayi amakumana m'mbali mwa tchire ndi flame lily, duwa lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, lomwe anzathu a ku Zimbabwe adalisankha kukhala duwa la dziko lawo. Limeneli ndi lapoizoni, choncho lijambuleni koma ana asalisewerere.

Vuto la aliyense woyamba kumene ndi limodzi. Duwa lomwe maso akuliona bwinobwino, ndi timizere take ndi mame ake, pachithunzi limangotuluka chibanthu chofiira ngati munthu wataya penti. Ambiri amaloza chala foni kuti ndi yotsika mtengo, pamene nkhani yagona pa kuwala.

Kamera imaona mitundu itatu yokha: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi muyezo wake womwe ukadzaza sulandiranso kanthu. Foni ikaona masamba obiriwira moderako atazungulira duwa, imaganiza kuti pamalopo pali mdima, ndiye imawonjezera kuwala. Masamba amaoneka bwino, koma muyezo wa mtundu wofiira umasefukira ngati ndowa yoiwalika pamjigo. Zomwe zatayika pamenepo sizibwereranso, ngakhale mutakonza chithunzicho usiku wonse.

Mankhwala ake ndi apafupi. Gusani duwalo ndi chala pagalasi la foni kuti kamera idziwe chomwe mukufuna. Mafoni ambiri amaonetsa kachizindikiro ka dzuwa pambali. Katsitseni pang'onopang'ono mpaka timizere ta duwalo titayamba kuoneka. Chithunzi chikaderako musadandaule, chifukwa choderako chimatheka kuchiwalitsa pambuyo pake, pamene chopsa chapsa basi. Fulashi muzimitse. Mabatani owonjezera mitundu aja muwasiye, duwa la hibiscus silifuna zodzoladzola.

Chachiwiri ndi nthawi. Dzuwa la pamutu, lomwe limawomba mwambo uli mkati, ndi mdani wa maluwa owala: limang'animitsa pamwamba pa duwa ndi kuponya mithunzi yakuda bii pansi pake. Ubwino wa dzinja ndi wakuti mitambo imakhala pafupi. Mtambo ukaphimba dzuwa, kuwala kumafewa ndipo mitundu imakhazikika. Ngati thambo lili mbee, pemphani mnzanu atchinge duwalo ndi ambulera yomwe mwatengera mvula ija, kapena muime mwakuti mthunzi wanu uligwere lonse. Musatchinge ndi chitenje chowala mitundu, chifukwa mtundu wake umatsikira paduwa. Mbali ina ikada kwambiri, pepala loyera la m'kope likwanira kubwezera kuwala pamenepo.

Wofuna duwa la dzungu alawire. Limatseguka m'mamawa ndipo dzuwa likamafika pamutu limakhala litayamba kufota. M'mamawa momwemo mphepo imakhala isanadzuke, mame akadalipo, ndipo njuchi zimakhala pakalikiliki kutola mungu. Wochokera ku Limbe ndi basi yoyamba amapeza zonsezi mwambo usanayambe. Koma kumbukirani kuti munda uli ndi mwini wake. Odi amayamba, kujambula pambuyo, ndipo yang'anani popondapo kuti musathyole nkhwani za anthu.

Chachitatu ndi kuyandikira. Kamera iliyonse ili ndi malire ake; mafoni ambiri amayamba kuona mwachimbuuzi mukayandikira kuposa masentimita 10. Chithunzi chikayamba kusokonekera, bwererani m'mbuyo pang'ono, mudzachidule bwino kunyumba. Kukoka chithunzi ndi zala ziwiri kuti chikule nthawi zambiri kumangochiwononga. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, popeza foni yokhala m'thumba limodzi ndi mandasi imaona dziko lonse ngati muli nkhungu. Gwadani kuti mufanane msinkhu ndi duwalo, tsamiritsani zigongono pamaondo, lozani pakati pomwe pali mungu, gwirani mpweya, kenaka dinani. Mphepo ikagwedeza duwa, dikirani. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulani kasanu kapena kakhumi, musankhepo chimodzi.

Koma chomwe chimasiyanitsa chithunzi cha ku Mbombwe ndi cha pakalendala ya m'sitolo ndi zomwe zili kumbuyo kwa duwalo. Duwa lofiira lokhalokha likhoza kukhala la ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Sunthani pang'ono, kumanja kapena kumanzere, mpaka kumbuyo kukhale khoma la njerwa, mizere ya chimanga kapena phiri la Chiradzulu lili buluu chapatali. Zisaoneke bwinobwino ayi, zingokhala ngati mthunzi, koma munthu wa kuno akaona adziwe kuti uku n'kwathu. Chotsani jumbo kapena botolo lomwe lagwera pafupi, ndipo duwa lofiira lisatsamire chinthu china chofiira.

Mukamatumiza pa WhatsApp, dziwani kuti chithunzi chimafinyidwa ndipo timizere mudavutikira tija timachepa. Chomwe mwachikonda kwambiri chitumizeni ngati document, ndipo mulembe dzina la duwalo, malo ndi tsiku. Dzina lake funsani amayi omwe akupalira m'mundamo. Iwo amadziwa maina omwe m'mabuku a kusukulu mulibe.

Wina anganene kuti kujambula maluwa ndi masewera a anthu okhuta. Koma anthu a ku Chiradzulu adaona mu Marichi 2023 momwe namondwe wa Freddy adasinthira nkhope ya midzi ndi minda usiku umodzi. Mitengo ya m'mapiri ikunka ichepa, ndipo tchire lomwe linkamera maluwa akutchire likusanduka minda ndi nyumba. Yemwe adajambula Chilembwe mu 1914 sankadziwa kuti tchalitchicho chitsala miyezi yowerengeka. Zomwe zikumera m'mbali mwa njira za ku Mbombwe lero nazonso ndi mbiri ya malowa, ndipo pakufunika wina woti azisunge zikuoneka bwino.

Januwale akubwerayu, nyimbo zikatha ndipo akuluakulu akakwera galimoto zawo, musathamangire basi. Mvula ya masana ikakata, mitambo ikadali m'mwamba ndipo madontho akadali pamasamba, imeneyo ndiyo nthawi yabwino yojambula duwa lofiira.